Maliro a Loweruka, Sukulu ya Loweruka

Tsiku limene amuna anga analembetsa sukulu ya masitazi anabwera kunyumba ndi msomali m'thumba la jekete. Nsapato sanavule n'komwe. Anatenga hamala, n'kukwera pampando wodyera, n'kukhoma msomaliwo pakhoma la pabalaza, pakati pa chithunzi cha ukwati wathu ndi wotchi. Nditafunsa chimene ankafuna kupachikapo, anati chithunzi cha gauni, cha tsiku lodzalandira digiri. Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinawauza kuti Abemba ndi otero, buku asanatsegule ayamba kale kuitana wojambula. Iwo anati ife a ku Chipata tikanaukhoma chozondoka msomaliwo. Ine kwathu ndi kummawa, iwo kwawo ndi ku Luapula, ndipo muno mu Lusaka mitundu iwiriyi imanyozana poyera popanda wokwiya. Timachitcha chimbuya, ndipo m'nyumba mwathu ku Chelstone sichinkasowa tsiku ndi limodzi lomwe.

Amuna anga ankagwira ntchito pakampani ina yogulitsa simenti, malata ndi zitsulo, kudepoti yake ya ku Makeni. Analowa ali wachinyamata, akuyang'anira katundu pageti, ndipo anakwera pang'onopang'ono mpaka pampando wa manejala. Koma mpandowo sunali wawo. Ankangogwirizira, zija timati akitingi, ndipo anagwirizira mpaka imvi zinayamba kutuluka. Kampani itagulidwa ndi eni ena, kunabwera lamulo loti aliyense wokhala pampando wa manejala akhale ndi digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, ija amaitcha MBA. Wopanda digiriyo aipeze, apo ayi apereke mpando kwa amene ali nayo. Nthawi anawapatsa, sindinganame, ndipo inali yokwanira.

Sukulu imene anasankha inali m'nyumba ina yosanja kufupi ndi Longacres, yopangidwira anthu apantchito. Makalasi ankachitika Loweruka. Ukalephera kupita, phunziro ankalijambula n'kuliika pa intaneti kuti ukalionere pa laputopu nthawi yako. Zinthu zikakuthina kwambiri unkatha kuimika kosi yonse n'kudzaitenganso teremu yotsatira, popanda wokufunsa chifukwa. Eni sukulu ankanyadira zimenezi, ankati sukulu yawo ndi fulekisibo, imapindika motsatira moyo wa munthu. Ndikudziwa anthu amene inawathandizadi.

Ife zinatisokonekera ku Kabwata, kwa azakhali awo a amuna anga, amene anawalera bambo awo atamwalira. Linali Lamulungu masana, abale atadzaza pakhonde. Gogoyo ankadandaula kuti sukulu imulanda mwana, ndiye amuna anga pofuna kumukhazika mtima pansi anafotokoza zonse.

"Musadandaule ba mayo," anatero. "Iyi sikulu siili monga zija zakudala. Nikaphonya kilasi banisungila pa kompyuta. Kukankhala vuto nimaimika chabe, napitiliza pambuyo. Imaniyembekeza."

"Kansi ni sikulu ya ulemu," anatero azakhali, anthu onse n'kuseka.

Ndinawatsina pantchafu, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo pakhonde paja panalibe wogontha.

Muyenera kudziwa kuti m'banja lawo amuna anga ndiwo anali oyendetsa maliro. Kulira aliyense amatha, koma maliro a mu Lusaka amafuna munthu wa miyendo. Pamafunika wopita kumochale, wokatenga chilolezo cha manda kukhonsolo, wosankha bokosi, wobwereka tenti, wogula nkhuni ndi kabichi, wokambirana ndi abusa. Amuna anga ankadziwa khomo lililonse ndi nthawi yake yogogoda. Analinso ndi vaneti ya kampani imene ankaloledwa kugona nayo kunyumba. Munthu akangotsirizika, kaya ku Kabwata, kaya ku Matero, kaya ndi mlamu wa msuweni amene tinangomuona kamodzi paukwati, foni yoyamba inkalira kwathu.

Kale maliro a m'banjamo ankaikidwa tsiku lililonse limene zinthu zakonzeka, ndipo amuna anga ankapempha kuntchito. Koma akuluakulu atamva kuti mabwana atsopano ndi ovuta, n'kumvanso kuti sukulu imadikira, anaganiza zomuchitira chifundo mwana wawo. Anagwirizana kuti asamamujombetse kuntchito, maliro aziikidwa Loweruka, lija kuno amati Chiwelu. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe wofuna kuwapweteka. Msuweni wawo, amene amawatchula amuna anga kuti bakalamba, ankandiimbira foni mosangalala ngati wabweretsa mphatso.

"Ba mulamu, shani? Bakalamba baliko? Mubauze taika pa Chiwelu, kuti basavutike ku nchito."

"Pa Chiwelu bali na kilasi," ndinkayankha.

"Awe ba mulamu, si ija sikulu yoyembekeza? Bazatamba pa kompyuta."

Choncho Loweruka, anzawo akukhala m'kalasi ku Longacres, amuna anga ankakhala kutsogolo kwa mdipiti wa magalimoto, magetsi a vaneti akuthwanima, kumbuyo kutadzaza amayi oimba. Maphunziro ojambulidwa aja anayamba kuunjikana. Lamulungu tikabwera kutchalitchi ankakhala patebulo la pawindo, laputopu patsogolo, timawaya m'makutu, n'kundiuza kuti ana asapange phokoso. Ndikabwera ndi tiyi ndinkapeza mphunzitsi akulankhula yekha pagalasi, akujambula mizere yokwera ndi yotsika, wophunzira wake atagona kukamwa kuli yasa. Masiku ena ankakhala maso bwinobwino, magetsi n'kuzima. Teremu ikamatha ankapita kusukulu kukaimika kosi, ndipo kumeneko ankawalandira ndi nkhope zowala, n'kuwauza kuti palibe vuto.

Kuntchito kwawo kunali mayi wina wa muofesi ya maakaunti, wokhala ku Woodlands, amene analembetsa nawo sukuluyo nthawi imodzi. Ndinkafunitsitsa kumuda koma sanandipatse chifukwa. Ankawatumizira manotsi, ankawakumbutsa za ntchito ya m'gulu, ankawatchula kuti ba bosi ngakhale m'kalasi. Nayenso anaferedwa bambo ake sukulu ili mkati. Kwawo anangoimbira kampani yoona za maliro, inachita zonse kuyambira kumochale mpaka maluwa, iye n'kujomba Loweruka limodzi. Tinapita kukamupepesa, ndipo pobwerera amuna anga anati maliro ake anali ozizira ngati msonkhano wa kubanki. Ine ndinati ozizira kapena otentha, munthuyo waikidwa ndipo mwana wake Loweruka likubwerali ali m'kalasi.

Tinakangana koopsa tsiku lina tikuchokera kumanda, mumsewu wa Great East, magalimoto atathinana padzuwa. Tinali titaika munthu amene ngakhale dzina lake ndinalimvera m'tchalitchi momwemo.

"Imwe, muzasiliza liti sikulu?" ndinawafunsa. "Bantu bafa siku na siku mu Lusaka. Muzabaika bonse ndimwe? Nchito ikasila tizadya ma thenkyu ya ku manda?"

Tinadutsa maloboti. Kenako analankhula osandiyang'ana.

"Ba tata banankhala mu mochale ku Kitwe masiku yambili. Kunalibe anayenda ku khonsolo, aliyense enze kuyembekeza munzake. Nenze mwana koma nenze kuona. Sinifuna muntu wanga akankhale mu fuliji monga nyama ya mu butchala chifukwa ine nili mu kilasi."

Ndinakwatiwa nawo chifukwa cha mtima womwewo, ndipo tsiku limenelo ndinkafuna kuwamenya nawo mtimawo kumutu.

Nthawi imene mabwana anapereka inatha, iwo n'kuwonjezerako pang'ono chifukwa depoti inkayenda bwino. Kenako anawaitana kulikulu, m'tauni, n'kuwauza mosabisa kuti chaka chimenecho chikatha opanda digiri, mpando upita kwa wina. Apa m'pamene amuna anga anachita mantha enieni. Anatsala ndi kosi imodzi, ya kayendetsedwe ka chuma cha kampani, imene anaiimika mobwerezabwereza chifukwa inkafuna mutu wopumula. Mayeso ake anali Loweruka lina masana, kumapeto kwa chaka, mvula itayamba. Akanakhoza, sukulu ikanatsimikizira mabwana kuti munthuyu wamaliza. Ine ndinalanda foni yawo n'kumaisunga m'chikwama changa. Aliyense woimba ndinkamuuza kuti apita ku Ndola ndi ntchito. Maliro awiri anadutsa opanda iwo, anthu anaikidwa ndithu, dziko silinagwe. Amuna anga anawerenga mpaka maso kufiira, ndipo anayamba kundifotokozera zinthu zimene sindinkazimva, akusangalala ngati mwana wodziwa kupalasa njinga.

Lachiwiri la sabata ya mayeso, azakhali aja anamwalira. Imeneyi sinali foni yoti n'kubisa. Ndinawapatsa ndi manja anga, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa.

Ku Kabwata tinapeza mipando itatulutsidwa kale panja, amuna ali mutenti, amayi ali pansi m'nyumba. Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinamva kuti akuluakulu agwirizana za Loweruka. Ndinamanga chitenje changa bwino, n'kutuluka, n'kukagwada pamatope patsogolo pa tenti. Mkazi sapita pamenepo popanda kuitanidwa, ndiye onse anandiyang'anitsitsa. Wamkulu wa onse anali amalume awo a amuna anga, bambo wopuma pantchito ya njanji, waulemu wake.

"Ba tata, napapata," ndinatero. "Ikani pa Chisanu, olo pa Mande. Pa Chiwelu bana banu bali na mayeso yosilizila. Bakaphonya, nchito yasila."

"Mayo, imani, mwatipasa ulemu," anayankha mofatsa. "Manje pa Chisanu ba ku Mansa bakalibe kufika, basi ifika usiku. Pa Mande bantu bali ku nchito, na eve mwine ali ku nchito. Mayeso bazamusungila. Anatiuza eka pamenso pa malemu kuti sikulu yake iyembekeza."

"Sikulu iyembekeza, ba tata, koma ba bosi sibayembekeza."

Onse anatembenukira kwa amuna anga. Akanangonena mawu amodzi, ndikhulupirira akuluakuluwo akanasintha tsiku, chifukwa ankawamvera. Koma womwalirayo anali mayi amene anawachapira, kuwadyetsa ndi kuwaphunzitsa, ndipo sakanatha kunena pagulu kuti mtembo wake udikire mayeso. Anayang'ana pansi, n'kunena kuti zonse zitheka. Tchalitchi chiyambe m'mamawa, kumanda tifike dzuwa lisanakwere, masana iwo akhale ali ku Longacres. Manda anali a kumsewu wa Leopards Hill, ndipo kuchokera kumeneko kupita kusukulu si patali. Ndinadzuka pamatope paja ndikudziwa kuti ndagonja.

Aliyense amene anapitapo pamaliro a mu Lusaka akudziwa mmene tsikulo linayendera. Abusa anachedwa, ndipo atafika analalikira ngati akubweza nthawi imene anachedwayo. Kwaya ya amayi inaimba, ya achinyamata inati nayonso iimbe. Mzere woona nkhope unazungulira tchalitchi. Titafika kumanda tinapeza kuti dzenje ndi lopapatiza, chifukwa amuna anga anawasankhira azakhali awo bokosi lalikulu, la zogwirira zonyezimira, ndipo okumba anayeza za bokosi wamba. Tinaima padzuwa la mvula, lotentha mobaya, akukuza dzenjelo ndi mapiki. Kenako kuika nkhata, gulu ndi gulu, ana, adzukulu, a mpingo, oyandikana nawo nyumba, anzawo a kumsika. Woitana maguluwo anali amuna anga omwe. Ndinkawaona akuyang'ana wotchi ya pamkono, mawu awo osasintha.

Zonse zitatha nthawi inali ikadalipo, yochepa koma yokwanira. Ndinawagwira dzanja, tikuthamangira kuvaneti, buku lawo ndi zolembera zili kale pampando. Apa ndiye panatulukira abale anga. Pamaliro a Abemba, ife a kummawa timabwera ndi ufa ndi paudala kudzawapaka oferedwa, kuwaseka ndi kuwavutitsa kuti chisoni chipepuke, ndipo iwo amachita chimodzimodzi pamaliro athu. Achimwene anga enieni, a bere limodzi, anawagwira amuna anga kumbuyo, anzawo n'kuwathira ufa kumutu, pasuti yakuda, mpaka m'makutu. Wina anasolola makiyi m'dzanja lawo n'kuwakweza m'mwamba.

"Onani profesa athawa malilo!" anakuwa achimwene. "Mubemba na buku, zinayambila kuti? Akamba ati mayeso, kansi afuna kukagona!"

Anthu anaseka, ngakhale amene ankalira posachedwa. Ine ndinakalipa, ndinatukwana, ndinawatchula achimwene anga mawu amene sindinawatchulepo chibadwire. Iwo ankangoseka kwambiri, poganiza kuti nanenso ndalowa m'masewera, ndikuteteza Mbemba wanga. Makiyi ankaponyerana uku ndi uku. Pachimbuya munthu sakwiya, ukakwiya ndiye wawapatsa mphamvu, choncho amuna anga anaima pakati pawo akumwetulira, oyera ngati chipupa. Mpaka nditayamba kulira mokweza, kulira kosiyana ndi kwa pamaliro, m'pamene achimwene anazindikira. Anabweza makiyi ndi manja awiri.

Ndinayendetsa ndine. Tinadutsa Woodlands mvula ikuyamba kudontha, ufa wa pasuti ukusanduka phala. Iwo ankadzipukuta ndi mpango wanga. Titafika anakwera masitepe mothamanga, ine pambuyo. Chitseko cha holo chinali chotseka. Pagalasi lake ndinaona mitu itawerama, ndipo pafupi ndi windo panali mayi wa ku Woodlands uja akulemba. Woyang'anira mayeso anatuluka mwakachetechete, bambo wa nkhope yabwino, n'kuyang'ana wotchi, n'kuyang'ana suti ija.

"Pepani ba bosi, ntawi yolobela yapita, lamulo sinilola," anatero monong'ona. "Mwachoka ku malilo? Pepani maningi. Koma musadandaule, apa tilibe vuto. Muzalemba temu ikubwela, tizakusungilani malo."

Ananena mokoma mtima kwambiri moti sindinathe ngakhale kumukalipira. Amuna anga anamuthokoza. Tinatsika masitepe pang'onopang'ono, n'kubwerera ku Kabwata, chifukwa tenti inkafunika kubwezedwa kwa eni ake tsiku lomwelo.

Chaka chitatha, mpando unapita kwa mayi uja. Sanaube, anaugwirira ntchito. Amuna anga anauzidwa kuti malo ena owayenera palibe, apume msanga. Tsiku lomaliza anasiya vaneti ku Makeni, n'kubwera pa minibasi ziwiri, atanyamula katoni yakale momwe anaikamo kapu yawo ya tiyi, jasi ya mvula ndi chipewa cholimba cha kudepoti. Ndinawaona akutsika pasiteji, akuyenda m'mbali mwa msewu ngati mlendo wofunsa nyumba. Achimwene anga anabwera ndi nkhuku kudzapepesa. Amuna anga anawalandira bwino, n'kuwaseka kuti a ku Chipata ngakhale kupepesa amabweretsa nkhuku yowonda. Ine zinanditengera nthawi yaitali kuti ndiwalankhulenso.

Foni inasiya kulira. Poyamba ndinkaganiza kuti anthu akuchita manyazi, koma ayi, mphwawo wina wa ku Kabulonga anali atagula galimoto yaikulu, ndipo foni yoyamba inayamba kupita kumeneko. Maliro otsatira tinawamva mochedwa, kwa anthu a kutchalitchi. Tinapita pa minibasi. Amuna anga anakhala pabenchi kumbuyo kwa tenti, manja ali pamaondo, akuona mphwawoyo akulakwitsa dongosolo la magalimoto. Palibe anawafunsa kanthu. Maliro amenewo anaikidwa Lachinayi, chifukwa mphwawoyo Loweruka amakhala wotanganidwa.

Tsopano Loweruka lililonse ali pakhomo. Kosi ija ikadalipo, sukulu imatumizabe mauthenga pafoni teremu ikamayamba, kuwakumbutsa kuti malo awo alipo, abwere nthawi imene angafune. Ndinawachonderera kuti akamalize, ngakhale kungoti chithunzi chipezeke. Anandifunsa kuti akamaliza akaipereke kwa yani digiriyo, pa msinkhu wawo, ndipo sindinawaumirizenso. Laputopu anapatsa mwana wathu wamkazi. Amadzuka m'mamawa monga kale, amasamba, amavala malaya ositidwa, n'kukhala patebulo la pawindo kuyang'ana msewu.

Mu Januwale wapitayu kunabwera bambo wina panjinga yamoto, atanyamula chinthu chokulungidwa ngati mphasa yaing'ono. Anati watumidwa ndi kampani yogulitsa mabokosi a maliro, ija amuna anga ankapitako nthawi zonse, kudzapereka kalendala kwa makasitomala awo okhulupirika. Inali kalendala yaikulu, ya pepala lonyezimira, pamwamba pali chithunzi cha galimoto yoyera yonyamula maliro. Ndinkafuna kuiponya pambaula pomwepo. Amuna anga anailandira ndi manja awiri, n'kumuuza bamboyo kuti akapereke moni kwa abwana ake.

Atalowa m'nyumba anaitambasula, n'kuyang'ana uku ndi uku pofuna poipachika. Kenako anakoka mpando wodyera uja, n'kukwerapo.

"Imwe, osati apo," ndinatero.

"Nanga nikhome musomali wina?" anandifunsa. "Uyu ulipo kale, unkhala chabe."

Anaipachika, n'kuiwongola kuti isapendekeke, n'kutsika mosamala atagwira khoma. Ili pompo mpaka lero, pakati pa chithunzi cha ukwati wathu ndi wotchi, ndipo mwezi ukatha amakwera okha pampando kukatembenuza tsamba.